Pulogalamu Yokana Mapasa

1

Tsiku limene boma linalengeza kuti layamba kukonda makampani a m'dziko muno, ine ndinalira. Misozi yeniyeni, osati yamasewera. Wailesi inali pa tebulo pakati pa makapu osatsuka, ndipo a nduna ankalankhula ndi mawu aja amene amasungira maliro ndi nthawi ya zisankho. Ankati kuyambira tsopano ntchito za makompyuta za boma zizipita kwa ana a dziko lino, alendo ayambe adikira panja.

"Wamva?" asisi anga anandigwedeza phewa. "Akunena ife."

Ife amene ankanenawo tinali m'kachipinda kamodzi pamwamba pa sitolo ya matayala, momwe fungo la matayalawo limalowa mpaka mu tiyi. Ine ntchito yanga ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta. Asisi anali namwino, koma ndinawanyengerera mpaka anasiya ntchito yawo ya penshoni kudzandithandiza. Tinapanga pulogalamu yolembetsa ana ku sikelo, yoti namwino wa kuchipatala chakutali azigwiritsa ntchito ngakhale netiweki itapita kokayenda. Anamwino ankaikonda. Madokotala ankaiyamikira. Wogula ndiye panalibe, chifukwa zipatalazo mwini wake ndi boma, ndipo boma linkagula zakunja, zobwera ndi buku lalikulu ndi munthu wa tayi.

Kampani yathu inali ikupumira m'mwamba. Anzathu olemba mapulogalamu anali atayamba kuyankhira mafoni pakhonde monong'ona, ndipo tonse timadziwa kuti munthu sanong'ona akamalankhula ndi mayi ake. Ndiye unduna utalengeza kuti ukufuna pulogalamu ya zipatala zonse, yopangidwa ndi kampani ya konkuno, tinadziwa kuti tikaiphonya imeneyi, titseka chitseko basi.

Kunyumba amuna anga anandikumbatira. Ntchito yawo ndi yolembetsa makampani a anthu ena ndi kudya nkhomaliro ndi anthu ofunika.

"Mayi a mapasa, kontirakiti imeneyi ilowa m'nyumba muno," anatero akudzigunda pachifuwa. "Ine ndikukuuzani."

Ndinathokoza Mulungu pondipatsa mwamuna wolimbikitsa.

2

Pali kanthu kena koti mudziwe kaye, apo ayi zotsatirazi simuzimva bwino. Ku sikelo vuto lalikulu ndi kulembetsa mwana mmodzi kawiri. Mayi wataya khadi, wabwera tsiku lina, wapeza namwino wina, namwinoyo wamulemba mwanayo ngati watsopano, ndiye dziko limadzaza ndi ana amene sanabadwe. Ine, mwa nzeru zanga zakuya, ndinaiuza pulogalamu kuti ikaona mayi yemweyo ndi tsiku lobadwa lomwelo, izikana. Tsikulo ndinali nditatopa, ndiye uthenga wokanirawo ndinaulemba monga momwe ndinkamvera mumtima: "Mayi, mwana ameneyu mwamulembetsa kale. Musatitopetse." Ndinati ndidzaukonza mawa.

Mawa lakelo linafika patapita miyezi. Loweruka lina ndili kunyumba ndinati ndiyese pulogalamuyo pa laputopu yanga yakale, ndi ana anga omwe. Woyamba analowa bwinobwino. Wachiwiri, kompyuta inandiuza kuti ndisaitopetse. Ine, amene ndinanyamula ana awiri m'mimba imodzi mpaka miyendo kutupa, ndinali nditapanga pulogalamu yosakhulupirira kuti mapasa aliko.

Asisi anaseka mpaka kugwira khoma. Vutolo ndinalikonza sabata yomweyo, uthenga wamwano uja ndinaufufuta, ndipo tinapangana kuti nkhaniyi ifera pakati pathu. Pulogalamu yakaleyo inatsala malo awiri okha: pa laputopu ya asisi imene ankayenda nayo m'zipatala, ndi pa ija yakunyumba, imene ana anailanda kuti azionerapo makatuni.

3

Unduna unati mpikisano ukhala wachilungamo, choncho makampani onse aonetse ntchito zawo poyera, mu holo ya hotela, aliyense akuona mnzake. Chilungamo chimakonda mahotela kwambiri, sindikudziwa chifukwa chake.

Makampani ena anagwa okha osawakankha. Ina inabwera ndi zithunzi zokhazokha za pulogalamu imene inali isanabadwe. Ina inayatsa kompyuta, kompyutayo n'kuyamba kudzikonza yokha mpaka nthawi yawo kutha. Tinatsala awiri: ife, ndi kampani ina imene palibe anali ataimvapo, ya zikwangwani zazitali zobiriwira ndi atsikana ogawa zolembera zaulere. Pa zikwangwanizo analembapo kuti ndi kampani ya m'dziko muno, ndi zilembo zikuluzikulu moti munthu unkayamba kukayikira. Kumbuyo kwa holo kunakhala bwana wina wochokera kunja, wa kampani yomwe ija imene yakhala ikugulitsa zinthu ku boma kuyambira kalekale. Anati wangobwera ngati mlangizi. Mwini wake wa kampani yobiriwirayo, anatiuza, watanganidwa.

Mu komiti yoweruza munali namwino wamkulu wina wa magalasi apamphuno, amene ankaoneka kuti ndi yekhayo anaonapo mwana akulira pa sikelo. Kampani iliyonse ankaipatsa mayeso amodzi omwewo.

"Kwabwera mayi ndi mapasa. Alembetseni tione."

Ife tinawalembetsa onse awiri, asisi akumwetulira mpaka mano a kumapeto kuoneka. Kenako inafika nthawi ya obiriwira. Woonetsa wawo, bambo wa suti yothina ndi Chingerezi cha m'mphuno, analemba mwana woyamba. Analemba wachiwiri. Pa khoma lonse la hotela, pamaso pa komiti, atolankhani ndi operekera tiyi, panatuluka mawu awa:

"Mayi, mwana ameneyu mwamulembetsa kale. Musatitopetse."

Holo yonse inafa nacho chiseko. Ine mawuwo ndinawazindikira pomwepo. Anali atasintha mitundu, atasintha dzina, ataikapo kachithunzi ka mwana womwetulira, koma mkatimo munali ntchito ya manja anga, ndi mwano wanga womwe.

Ndinaimirira kuti ndilankhule, koma a wapampando anakweza dzanja, dzanja linalo akupukuta misozi.

"Khalani pansi, mayi, nthawi ya mafunso yatha. Koma anzanga, mwaona nokha? Ena amanong'ona kuti kampaniyi ndi ya alendo. Mlendo angalembe zimenezi? Iyi ndi yathu yeniyeni, ikukalipa ngati anamwino athu omwe!"

Namwino wamkulu uja sanaseke. Koma voti yake inali imodzi.

4

Pa nthawi ya tiyi ndinali nditaona bwana wakunja uja akucheza ndi asisi pafupi ndi tebulo la makeke, akuwapatsa kakhadi kake. Pobwerera ku ofesi, mutu wanga unalumikiza zinthuzi mwachangu, ndipo ndinadzitama kuti ndine wochenjera. Amuna anga sindinawaganizireko n'komwe. Munthu amene amandiitana kukhitchini kuti ndidzamupezere chithunzi chimene chasowa mu foni yake angabe pulogalamu?

Titangolowa ndinatseka chitseko.

"Asisi, anakulonjezani chiyani?"

"Ndani?"

"Bwana wanu wa kakhadi uja. Galimoto? Ofesi ya mphepo yozizira?"

Asisi anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, ukulankhula ndi ine?"

"Yakale ija inali pa laputopu yanu."

"Ndinasiya penshoni chifukwa cha iwe. Ndakhala ndikukwera njinga zamoto m'matope kukaphunzitsa anamwino chinthu chakochi. Lero ndine wakuba?" Anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa kakhadi kaja, katapindika, kangodya kamodzi katanyowa. "Kakhadi kako ndi aka. Ndimatokosera m'mano."

Anaika makiyi a ofesi pa tebulo n'kutsika masitepe. Sanamenyetse chitseko, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri.

Kunyumba ndinawafotokozera amuna anga zonse, ndikulira. Anapukusa mutu mwachisoni chachikulu.

"Abale ndi ovuta," anatero akundisisita pamsana. "Koma musawaweruze kwambiri. Mwina anali ndi zifukwa zabwino."

Ndinadabwa nawo mtima wawo wokhululuka.

5

Zotsatira zinatuluka monga mukuganiziramo. Obiriwira anapambana, ife tinakhala achiwiri, ndipo pa mpikisano wa kontirakiti imodzi wachiwiri ndi wotsiriza amafanana. Unduna unatiitana ku mwambo wosainirana kuti tikalandire satifiketi yoyamikira ndi kuthandiza kuomba m'manja. Sindinkafuna kupita, koma amuna anga anaumirira.

"Muyenera kuonetsa kukhwima. Ndikuperekezani ine."

Anavala suti yatsopano imene sindinkaidziwa. Malaya ndinawasitira ndekha, tayi ndinawakonzera pakhomo. Mu holo anakhala pambali panga atandigwira dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo pagulu kuyambira tsiku la ukwati. Dzanja lawo linali ndi thukuta. Ndinati akundimvera chisoni.

A nduna analankhula za achinyamata, za tsogolo, za kudzidalira. Anati nthawi yoti alendo azitidyera yatha, ndipo bwana wakunja uja, ali pa mzere woyamba, anaomba m'manja kuposa wina aliyense. Kenako woyendetsa mwambo anakonza pakhosi.

"Tsopano tiitane mwini wake wa kampani yopambana, mwana wa dziko lino, wobadwira konkuno, abwere adzasaine!"

Ndinatembenuka kuti ndione nkhope ya munthu amene anagula asisi anga. Kumbuyo palibe anaimirira. Kumanzere palibe. Dzanja limene linandigwira lija linamasuka. Amuna anga anaimirira, anamanga batani la jekete, n'kundipatsa foni yawo.

"Tandijambulani bwino, mayi a mapasa. A nduna aoneke."

Ndipo inu, ndinajambula. Musandifunse chifukwa chake. Mutu unali utazima, koma manja anangogwira ntchito okha. Ndinawajambula akukwera masitepe, akupatsana moni ndi a nduna, akusaina ndi cholembera chaulere chobiriwira. Zithunzizo zinatuluka bwino kwambiri.

6

M'galimoto, tisananyamuke n'komwe, anamenya chiwongolero ndi chisangalalo.

"Tapambana!"

"Tapambana ndani?"

"Banja lino. Sindinakuuzeni kuti ilowa m'nyumba mwathu?"

Anandifotokozera pang'onopang'ono, monga momwe amafotokozera ana chifukwa chake sitigula ayisikilimu. Lamulo latsopano linkafuna kuti gawo lalikulu la kampani likhale la munthu wa konkuno. Alendo ankafuna nkhope, ndipo amuna anga nkhope anali nayo. Koma alendowo analinso ndi vuto lina: pulogalamu yawo, netiweki ikangozima, nayonso imagona. Ndiye amuna anga, posafuna kulowa m'kampani ya eni chimanjamanja, ananyamula laputopu ya makatuni ija m'mawa wina ana ali kusukulu, n'kukaisiya kwa akatswiri a alendowo mpaka madzulo.

"Inali kungokhala," anatero. "Yakale. Inu munali mutapanga kale ina."

"Munandimvetsera ndikuwanena asisi kuti ndi akuba."

"Ndipo ndinakuuzani kuti musawaweruze."

"Nanga kampani yanga?"

"Mayi, tiyeni tinene zoona. Inu mukanapambana? Ndi ofesi ya pamwamba pa matayala? Anthu aja sagula pulogalamu, amagula munthu amene amadziwa kudya nawo nkhomaliro. Ine ndinaona patali, ndinati mmodzi wa ife akhale mbali imene ipambane. Ndipo sindinakuiwaleni ayi. Ndakulankhulirani kale. Akufuna munthu woti akonze za mapasa zija. Muzikhala ndi ofesi yanuyanu, ya kapeti."

Anandiyang'ana akudikira kuti ndithokoze. Mwamuna wanga anali atandipezera ntchito yokonza pulogalamu imene anandibera. Ndinatsika m'galimoto n'kukakwera basi, satifiketi yanga yoyamikira ili kukhwapa.

7

Asisi ndinawapeza akuchapa kuseri kwa nyumba yawo. Ndinaima pafupi ndi beseni n'kuwauza zonse. Iwo anapitiriza kufinya chovala.

"Alamu anga? Osadziwa kutumiza chithunzi aja?"

"Omwewo."

"Kupepesa kwako ndakumva. Ndikukhululukira mawa, lero ndatanganidwa. Tsopano upanga chiyani?"

"Ndikakadandaula akhoza kumangidwa, asisi. Ndi bambo wa ana anga."

"Ukapanda kukadandaula, Lolemba ukayamba ntchito kwa iwo. Ndipatse chidebe icho."

Ndinakadandaula. Apongozi anga anaimba foni kundifunsa ngati ndazungulira mutu, chifukwa akazi ena amalirira amuna opanda ntchito, ine ndikulirira mwamuna amene waoneka pa kanema ndi a nduna. Ndinawauza kuti foni yatsala pang'ono kuzima, ndipo ndinaizimitsa ndekha.

Bungwe loona za mpikisano wachilungamo linatiitana m'chipinda cha makatani olemera. Ndinabwera ndi laputopu zonse ziwiri, ndinaonetsa pulogalamu yanga ndi yawo mzere ndi mzere, mpaka pa mwano uja. Namwino wamkulu wa magalasi anabwera kudzachitira umboni. Amuna anga anakhala tsidya lina la tebulo ndi suti yomwe ija, maso ali pa botolo la madzi. Bwana wakunja anati iye ndi mlangizi chabe, ndipo wakhumudwa kwambiri kumva zoterezi. Kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti kampani yanga ipulumuka, chifukwa woyamba akachotsedwa, ntchito imagwera wachiwiri.

Loya wa bungwelo anamvetsera modekha, kenako anaika cholembera pansi.

"Mayi, tamva. Kafunso kamodzi kokha. Bambo awa ndi ndani wanu?"

"Amuna anga."

"Mumakhala nyumba imodzi?"

"Mpaka sabata yatha."

"Pa nthawi ya mpikisano?"

"Inde."

Anatola cholembera chija n'kulemba nthawi yaitali.

Chigamulo anatiwerengera m'chipinda chomwecho. Kampani yobiriwira yachotsedwa chifukwa cha chinyengo. Asisi anandifinya bondo pansi pa tebulo, ine nthungululu ili kale pakhosi. Loya anatembenuza tsamba. Malamulo a mpikisano wachilungamo, anati, salola anthu a banja limodzi kupikisana pa ntchito imodzi, chifukwa akhoza kupangana mitengo kuchipinda. Popeza eni makampani awiriwa ankagona pansi pa denga limodzi, onse awiri achotsedwa, ndipo saloledwanso kupikisana pa ntchito za boma kwa zaka zingapo.

"Koma woberedwa ndine!"

"Tikumvetsa, mayi. Koma lamulo siliyang'ana nkhope. N'chifukwa chake limatchedwa lachilungamo."

Ndiye popeza panalibenso kampani ya m'dziko muno yotsala, ndipo ana a m'zipatala sangadikire, unduna unakakamizika, ndi mtima wosweka, kupereka ntchitoyo mwachindunji kwa kampani yakunja ija. Bwana mlangizi anasaina yekha, osabwerekanso nkhope ya munthu. Amuna anga sanamangidwe, anangotaya kampani imene sinali yawo n'kale. M'nyuzipepala a nduna anati boma linayesetsa, koma makampani athu sanakhwime.

8

Owerenga anzanga, m'masamba ano mumawerenga za amuna othawa ndi atsikana a ku saluni. Akazi amene zimawachitikirawo ndimawasirira. Mkazi mnzako ali ndi khomo, ukhoza kukagogoda n'kumulalatira mpaka mtima kuphwa. Wanga anandizembera ndi kampani, ndipo kampani ilibe tsitsi loti ulikoke.

Ena a inu mukuti ndikanangokhala chete. Mwina mukunena zoona. Bwenzi pano ndili pa kapeti, ndili ndi mwamuna, ana akuona bambo awo tsiku lililonse m'malo mwa Loweruka lokha. Mukandifunsa ngati ndikanakadandaulabe nditadziwa mathero ake, yankho langa limasintha malinga ndi mmene kwachera. Langizo ndilibe. Ndingoti boma likati labwera kudzakuthandizani, thokozani mwaulemu, koma musalire msanga ngati ine, ndipo muyambe mwafunsa amene mumagona naye ngati nayenso akuthandizidwa.

Kampani tinaitseka kumapeto kwa mwezi womwewo. Onong'ona a pakhonde aja anali atapita kale. Asisi anabwerera ku unamwino, anayambiranso pansi pa atsikana amene anawaphunzitsa okha kubaya jakisoni, ndipo sanandinenepo mawu amodzi oipa. Ndikanakonda akanandinena.

Tsiku lomaliza ndinatsala ndekha ndi tebulo lalikulu limene sindikanatha kulitulutsa ndekha. Mwini nyumba, bambo wachikulire wokonda nkhani za m'nyuzi, anakwera kudzatenga makiyi ake.

"Mayi, si inu aja boma linati likuthandizani?"

"Ndife."

"Ndiye mukusamukira ku ofesi yaikulu?"

Ndinayang'ana chipinda chopanda kanthu, ndi mabowo a misomali pakhoma. Ndinati inde.

Anavula jekete, anagwira mbali ina ya tebulo, ndipo tinatsika nalo masitepe pang'onopang'ono, iye akundiyamikira njira yonse mpaka pansi.